Mtolo wa Lozina

Kale, sukulu zisanafoleredwe ndi malata, pamudzi wina wa kumapiri padali kasukulu ka udzu kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Ana ankakhala pa zipika, ndipo belu lawo lidali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo. Mphunzitsi wake adali a Chimphonda, nkhalamba yosunga mwambo, imene sinkalola mwana kulowa ndi mapazi osasamba.

Pasukulupo padafika mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Lozina. Makolo ake adamwalirira kuchigwa, ndipo adadzakhala kwa atsibweni ake, a Dzoole, mmisiri wosema mipini ndi mitondo. Kalankhulidwe ka Lozina kadali kachilendo, choncho akangotsegula pakamwa ana ankagwa ndi phwete.

"Wakuchigwa, tabwerezanso timve!" ankatero Filipo, mtsogoleri wa onyozawo.

Lozina sankayankha ndi mawu. Ankayankha ndi chibakera, nthawi zina ndi mano. Posakhalitsa chipika chake chidatsala cha iye yekha. Popuma ankakhala kuseri kwa sukulu, nkumalemba zilembo pasileti, nkufufuta, nkulembanso. Pamudzi ponsepo sileti lokhalo ndilo silinkamuseka.

Tsiku lina a Dzoole adamuitana.

"Iwe Lozina, ndatopa nkupepesa m'makomo mwa anthu. Tikamadzakolola ndidzafunsa aphunzitsi. Akadzati sunasinthe, sukulu yathera pomwepo. Udzapita kuboma kukalera ana a eni."

M'mawa mwake a Chimphonda adamupeza Lozina kuseri kuja atakumbatira sileti lake. Adaima pafupi naye nati:

"Ndakukwapula kasanu ndi kawiri, mwana wanga. Mkono wanga watopa, koma iwe uli chimodzimodzi. Tsopano undiuze wekha chinthu chimodzi chimene ungathe."

"Ndikhala mwana wabwino, aphunzitsi."

"Chimenecho nchachikulu. Ngakhale ine ndi imvi zangazi sindinachithe. Nena chaching'ono."

Lozina adaganiza, akukanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Sindimenya munthu mpaka khasu la masana litalira."

"Nanga likalira?"

"Likalira sindikudziwa, aphunzitsi."

Nkhalambayo idatsokomola kuti ibise kuseka. Kenaka idamupatsa lamulo. Khasu likalira, adzifunse yekha ngati wasunga mawu ake. Ngati wasunga, athyole kamtengo kamodzi, akaike pansi pa tsindwi kuseri kuno. Ngati walephera, apite kwawo chimanjamanja.

"Ine sindidzabwera kudzawerenga," adatero. "Maso anga akalamba. Ako ndiwo azikulondera."

Apo nkuti mvula itangoyamba kumene. Sabata yoyamba Lozina adaika timitengo tiwiri tokha. Yachiwiri adaika titatu. Adaphunzira kukhalira manja ake Filipo akayamba zake, ndi kuwerenga nsungwi za kudenga mpaka mtima utatsika. Patapita mwezi, popanda womuuza, adadziikira malire atsopano: asamenye munthu mpaka atafika pakhomo pa atsibweni ake.

Musaganize kuti anzake adamuyamika. "Nyalugwe wagweruka mano!" ankakuwa Filipo. Chipika chija chidakhalabe cha iye yekha. Komabe tsiku lililonse a Chimphonda ankamuyang'ana khasu likalira, ndipo kwa Lozina kuyang'anako kudali kokwanira.

Chimanga chitayamba kumasula, a Chimphonda adadwala chifuwa. Anthu adawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala cha kumishoni. Lozina adaima panjira mpaka machirawo atabisika ndi phiri. Tsopano padalibenso munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa za timitengo tija.

Patapita masabata, kudabwera mphunzitsi wina, a Gwaza. Atafunsa chifukwa chake mtsikanayo ankakhala yekha, ana adayankhira pamodzi kuti, "Ameneyo ndi wandewu!" A Gwaza adangomusiya kumbuyo komweko. Lozina adapitirirabe. Khasu likalira ankayang'ana pamene pankaima nkhalamba ija, nkudzifunsa funso lake, nkupita kuseri.

Kutatsala masiku awiri kuti a Dzoole abwere, Filipo adaponda sileti la Lozina mwadala, nkulibenthula pakona. Manja a Lozina adatuluka okha. Filipo adagwa chagada, mphuno ikuchucha magazi, a Gwaza akuona. Ataweruka, Lozina adapita kuseri monga mwa chizolowezi, nathyola kamtengo. Padalibe womuona. Mumtima ankati mlandu udali wa Filipo. Adakagwira kamtengoko kwa nthawi yaitali, kenaka adakaponya kutchire, napita kwawo akulira.

Tsiku lija lidakwana. A Dzoole adafika atakoleka kasemasema paphewa, nakhala pachipika panja.

"Aphunzitsi, ndadzamva za mphwangayu. Wasintha, kapena ndikutaya nthawi?"

"Bambo, ine pano ndine mlendo," adayankha a Gwaza. "Ndinena zimene ndaona. Dzana wamenya mnzake mpaka magazi. Anzake akuti ndi khalidwe lake."

A Dzoole adaimirira. "Wamva wekha. Tiye."

Lozina adagwada. "Atsibweni, ndikupempha mudikire pang'ono."

Adathamangira kuseri, namanga timitengo tonse ndi luzi. Pobwera adali atasenza mtolo umene udamuphimba nkhope. Adautula pamapazi pa atsibweni ake, nafotokoza lamulo la a Chimphonda. Ana amene ankasuzumira pakhomo adayamba kuseka kalankhulidwe kake, koma iye sadaleke mpaka adamaliza.

"Nkhani yokoma," adatero a Gwaza, "koma mwana aliyense angathe kutola zinyatsi zotere m'mawa umodzi."

Koma munthu amene wakhala ndi mitengo moyo wake wonse sanamizidwa ndi mtengo. A Dzoole adamasula luzi, nayamba kutenga kamodzikamodzi. Tina tidali takuda, tofumbwa ndi chinyezi, tomatidwa dothi la chiswe. Tina tidali touma gwa, makungwa akusendeka. Tina tidali tisanataye masamba ake ofota. Adathyola kamodzi, nanunkhiza.

"Izi si za m'mawa umodzi, aphunzitsi. Aka kadathyoledwa tikubzala. Aka tikupalira. Aka nka sabata yatha." Adatembenukira kwa mphwawo. "Nanga ka dzana kali kuti?"

"Palibe, atsibweni. Dzana ndinamenya Filipo."

"Adakuletsa kuika ndani?"

"Palibe. Ndinadziletsa ndekha."

A Dzoole adasonkhanitsa timitengo tija ndi manja awo, namanganso mtolowo bwinobwino, monga amangira mipini yopita nayo kumsika.

"Ine ndimati palibe chikuchitika," adatero motsitsa mawu. "Kani pang'onopang'ono ndi mtolo. Bweza pamalo pake, ukalowe m'kalasi."

Lozina adabweza mtolo, nakakhala pachipika chake, yekha monga kale. A Chimphonda adamwalirira kumishoni komweko osauona mtolowo. Koma mtsikanayo sadapite kukalera ana a eni, ndipo amene adamva mawu a a Dzoole tsiku limenelo adawatenga nkumawanena m'midzi yonse.

Kuyambira pamenepo akulu amati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo." Tanthauzo lake ndi ili, ndipo mulisunge. Khalidwe labwino silibwera tsiku limodzi, ndiponso silikhomeredwa mwa munthu ndi chikoti chokha. Mwana amene alonjeza zonse nthawi imodzi sakwanitsa ngakhale chimodzi. Sankhani chinthu chaching'ono chimene mungathe lero, kaya kukhala chete mphunzitsi akamalankhula, kaya kusunga manja anu, ndipo poweruka mudzifunse nokha ngati mwachita. Mukalephera, musadzinamize, pakuti kamtengo kabodza kamaononga mtolo wonse. Mawa muyambenso. Mwina sipadzakhala wokuonani kapena wokuyamikani, koma tsiku lofunsidwa likadzafika, mudzakhala nacho chotula pansi.