Tsiku Limene a Ambrosi Anatseka Gulupu ya Nkhuku

Kuseri kwa nyumba ya a Ambrosi ku Machinjiri kunali khola la nkhuku zanyama mazana awiri ndi makumi asanu, zogula ndi penshoni yawo yonse, ndipo pazenera la kholalo pankakhala kawailesi kosazima. Eni ake ankati nkhuku zimanenepa zikamamva mawu a anthu, koma akazi awo, a Bernadeta, ankadziwa kuti wofuna mawuwo ndi mwini khola. Bambowa anali munthu wa mafunso. Chinthu chikawazunguza, mtima sunkakhala m'malo mpaka atachiyesa ndi manja awo.

M'mawa wina akutsuka zomwera nkhuku, pa wailesi panabuka mtsutso: kodi dziko losauka lingatukuke msanga boma likamasefa nkhani zimene anthu akumva ndi kulemba pa intaneti? Wina ankati kuli mayiko ena kutali amene analemera atamanga anthu awo pakamwa. Mnzake ankati malonda sayenda mumdima. A Ambrosi anaima, burashi ili m'manja. Nkhaniyi inawakhudza, pakuti ali mnyamata, nthawi ya chipani chimodzi, anagwirako ntchito mu ofesi ina yopaka inki yakuda pa masamba a magazini ochokera kunja anthu asanawawerenge.

"Mayi a Olive, mukudziwa kuti masiku amenewo kunalibe mphekesera?" a Ambrosi anafunsa akazi awo.

"Zinaliko, bambo. Tinkanong'onezana kumjigo. Inuyo ndi amene simunkazimva."

A Ambrosi anangoseka, koma funsolo linawakhala ngati munga wa nsomba pakhosi. Dziko loti ayeserepo analibe. Anali ndi kadziko kawo kam'thumba: gulupu ya WhatsApp ya alimi a nkhuku a m'deralo, anthu makumi anayi, iwo ndiwo adimini. Munalinso ogula, monga a Fatimah a lesitilanti ku Chirimba, amene anali atalonjeza kudzatenga nkhuku zana limodzi kwa a Ambrosi pa Khirisimasi. Ntchito yaikulu ya gulupuyo inali katemera wa chitopa. Botolo limodzi limakwanira nkhuku chikwi, ndipo ukalisungunula silichedwa kutha mphamvu. Choncho wina akafuna kutsegula botolo ankalemba, anzake n'kuthamangira ndi zigubu kukagawana.

Mwayi woyesa unabwera wokha Lachiwiri lotsatira. Petronela, mayi wa khola laling'ono kutsidya kwa mlatho, analemba kuti: "Chitopa chagwa kwanga, zafa khumi ndi ziwiri. Chenjerani anzanga."

A Ambrosi anaganiza za a Fatimah akuwerenga zimenezo. Anafufuta uthengawo, n'kutchera gulupu kuti wolemba akhale adimini yekha. Kenako analengeza kuti kuyambira tsikulo nkhani iliyonse izidzera kwa iwo, aziyamba aisefa, pofuna kuteteza msika.

Petronela anaimba nthawi yomweyo. "Madala, mwadilita bwanji meseji yanga? Ine ndimafuna ndiwatsine khutu anzanga."

"Mwana wanga, msika ndi wamantha ngati mbuzi. Ukakuwa kuti chitopa, ogula onse athawa, tilira tonse."

"Nanga matendawo nawo mwawadilita?"

A Ambrosi anadula foni, ndipo poona kuti mayiyo akuimbabe, anatseka nambala yake.

Masabata awiri otsatira anali okoma kwabasi. M'mawa uliwonse a Ambrosi ankaika chithunzi cha nkhuku zonenepa ndi mawu akuti zonse zili bwino ku Machinjiri. Wotsutsa panalibe, wodandaula panalibe. Iwo ankayang'ana foniyo mwachidwi ngati mwana wasukulu amene wafesa nyemba m'chitini, n'kumati mwina mkulu wa pa wailesi uja wofuna kusefa nkhani ankanena zoona. Chimodzi chokha chinkawadabwitsa. Nthawi ya katemera wachiwiri itakwana, analengeza kuti atsegula botolo Loweruka, ofuna awaimbire. Sanaimbe ndi mmodzi yemwe. Kodi anthu onsewa nkhuku zawo akuziteteza ndi chiyani? Anadzifunsa, osapeza yankho, ndipo poopa kuwononga botolo lonse pa khola limodzi anati adikire kaye.

Kawiri konse Petronela anafika pageti. Kawiri konse a Ambrosi anatuma akazi awo kukanena kuti achokapo.

"Bambo, munthuyu ali ndi mawu. Akuti kunjaku zinthu sizili bwino," anatero a Bernadeta atabwerako kachiwiri.

"Pakhomo pano mphekesera ayi. Ikakhala nkhani yeniyeni indipeza."

Amene anawapeza anali venda wa njinga yofiira, dengu lalikulu kumbuyo. Anagula nkhuku khumi osanenerera n'komwe, ndipo analowa m'khola ndi dengu lakelo kukasankha yekha, nthenga za nkhuku zina zili mbuu m'mbali mwake. A Ambrosi anamuperekeza mpaka kumsewu akumwetulira. Kwa iwo umenewu unali umboni wakuti msika wosasokonezedwa umadzibweretsera ogula pakhomo.

Patapita masiku anayi, nkhuku zinayamba kuzyolika. Zina zinapinda makosi n'kumazungulira malo amodzi, chitosi chili chobiriwira. Pofika Lamlungu a Ambrosi anali atakumba dzenje lachitatu kumunsi kwa munda wa chimanga. Zinawapweteka kwambiri, moti a Bernadeta anawapeza atakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku, misozi ili m'maso, wailesi itazimitsidwa. Komabe ngakhale pachisoni chotere, munga uja unali pakhosi. Chitopa chadumpha bwanji makola onse a m'njira n'kudzagwa pa iwo okha? Lolemba anasamba, anasintha nsapato, n'kuwoloka mlatho.

Petronela anawalandira bwino, anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala. Sanawanyoze. Anangotsegula foni yake n'kuwapatsa.

Munali gulupu ina, yotsegulidwa tsiku lomwe lija iwo anatseka yawo. Anthu onse anali mmenemo, kupatula iwo. A Ambrosi anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wabwera kuchokera kuulendo wautali. Anaona mabotolo atatu a katemera atatsegulidwa ndi kugawidwa. Anaona chithunzi cha njinga yofiira, pansi pake palembedwa kuti: "Uyu akutola nkhuku zodwala, musamulowetse m'khola." Anaona a Fatimah akufunsa kuti ndani wamwetsa nkhuku zake katemera kawiri, ndipo atayankhidwa anagawa oda yawo ya Khirisimasi kwa alimi anayi.

"Ndiye kuti a Fatimah sanathawe atamva za chitopa?" anafunsa modabwa.

"Athawirenji? Akuti amagula komwe akuuzidwa zoona. Kwanu kuja amati kuli zii ngati kumanda, sangadziwe chimene chili m'khola."

Chala chawo chinatsikabe mpaka chinaima pa uthenga wa Petronela wa Lachinayi lija venda anafika kwawo: "Wa njinga yofiira walowera kwa a Ambrosi. Ine anandibuloka. Chonde wina awaimbire msanga." Pansi pake wina anayankha kuti: "Asiyeni, anati nkhani azisefa okha."

A Ambrosi anavula magalasi. Anakumbukira inki yakuda ija, ndi mawu a akazi awo a kumjigo. Mphekesera sizinathe, zinangosamukira kumene iwo kulibe.

Anatulutsa foni yawo, anatsegula nambala ya Petronela, anatsegulanso gulupu. Kenako analemba uthenga woyamba woona m'masabata atatu: "Chitopa chili kwanga. Zafa zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi. Musayandikire khola langa."

Foni ya Petronela inali isanalire n'komwe pamene yawo inayamba kunjenjemera. Woyamba kuyankha anali a Fatimah, kufunsa kuti adzaikanso liti anapiye. A Ambrosi anamuyang'ana Petronela, mayi uja anamuthamangitsa pageti kawiri, ndipo manyazi anawagwira. Anali atalipira nkhuku pafupifupi mazana awiri kuti aphunzire chimene akuluakulu ananena kwaulere: wakutsina khutu ndi mnansi.