Khoswe Wotseka Dzuwa

Tsekani mabukuwo, ana inu, mwayasamula mokwanira.

Panali mayi wina, Nangozo, amene anali m'chikuta. Mchombo wa khanda usanagwe, mwambo sunkamulola kutuluka. M'nyumbamo munali mdima, koma pakhoma panali kabowo kolowetsa dzuwa, ndipo njira ya kunkhokwe inkadutsa kuseri kwa khomalo.

M'nkhokwemo munali mtedza wambewu, wodikira mvula. Mlamu wake, pomubweretsera madzi, anamunong'oneza kuti mtedzawo ukutha. Nangozo mtima unamuwawa: ukatha, adzala chiyani? Anafunsa mwamuna wake, a Gwaza, bambo wamimba ngati mtsuko, amene ankati amaswera kudimba. Iwo anayankhira pakhomo: "Ndi makoswe amenewo, mayi a mwana. Makoswe a chaka chino alibe ulemu."

Nangozo anayamba kumayang'ana kabowo kaja. Nkhuku ikauluka, kuwala kunkangophethira. Mwana akadutsa, kunkachepa pang'ono. Koma tsiku lina masana kunangoti bii, kenako ngwee. Iye anati mwina ndi mtambo. Mawa lake nthawi yomweyo, bii. Mkuja wake, bii. Ha! Mtambo wanji wosaphonya nthawi imene aneba amayamba kugulitsa kachasu?

Tsiku lotsatira anakhala pafupi ndi khoma, mthiko uli m'manja. Kutangoti bii, analowetsa mpini wake pabowo n'kubaya.

"Mayo ine!" khoswe uja anakuwa ndi mawu a Gwaza, mtedza uli mbwee pansi. "Wandiona bwanji iwe uli m'nyumba?"

"Sindinakuoneni, bambo a mwana. Mwanditsekera dzuwa."

A Gwaza anatola mtedza wonse chogwada, mlamu akufa nako kuseka, ndipo mbewu inafika pa mvula.

Mwasekatu, tsono mverani. Akatswiri a zakuthambo amachita zomwezi. Dziko lozungulira nyenyezi yakutali saliona ndi maso. Amangoyang'anira kuwala kwa nyenyeziyo, ndipo kukamachepa mobwerezabwereza pa nthawi yake, amadziwa kuti pakudutsa chinthu. Kukachepa kwambiri, chinthucho n'chachikulu, n'chifukwa chake maiko akuluakulu sachedwa kugwidwa. Inunso musamathamangire kubaya mtambo: dikirani mdima ubwereze. Ndipo iwe wakumbuyo, amene umadutsa pawindo langa chozemba belu lisanalire, usamati sindikuona.