Mendulo Imodzi ya Pulezidenti Thengo

Kalekale kunali maiko awiri amphamvu, Dzamba ndi Likonde. Onse anali ndi mabomba a nyukiliya, aja oti limodzi lokha lisandutsa mzinda phulusa. Chaka china a Likonde anaika mizinga yawo pachilumba china chapafupi ndi Dzamba. Pulezidenti Thengo wa Dzamba, munthu wa mtima wapachala, anatumiza sitima zankhondo kukazinga chilumbacho. Mnzake wa Likonde, Pulezidenti Chingola, anangoti, “Mukakhudza sitima yanga imodzi, mudzaona,” n’kusiya kuyankha foni.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litakwera, Jenerale Kampango analowa mu ofesi ya Thengo ali wefuwefu.

“Bwana, makina athu oonera mlengalenga aona chinthu chachikulu chochokera ku Likonde! Tiwaombe asanatimalize!”

Thengo anaganiza za ana asukulu amene anali kuimba kuseri kwa mpanda. Kenaka mkwiyo unamugwira, n’kusaina kalata yolamula kuti mizinga iponyedwe.

“A Jekapu, thamangani nayo kwa asilikali!”

A Jekapu anali mlembi wokalamba amene anatumikirapo apulezidenti atatu. Iwo anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito: kalata iliyonse yosainidwa bwana atakwiya ankaiika m’dilowa kwa mphindi makumi awiri, ati izizire. Anailandira ndi manja awiri, n’kutuluka, n’kukaitsekera. Jenerale atawapeza atakhala phee, anakuwa kuti, “Mdala iwe, ukufuna tife?”

“Ikadali yotentha, bwana,” anatero a Jekapu, kiyi ali m’sokosi.

Pamene asilikali ankasaka chothyolera dilowayo, foni ya Thengo inalira. Anali Kaputeni Tiyese, mtsikana amene ankayang’anira makina aja. Lamulo silinkamulola kulumpha akuluakulu ake, koma iye analumpha onse.

“Bwana, musaponye! Si mizinga imeneyo, ndi dzombe!”

“Dzombe? Ukuseka ndi ine?”

“Ndinakulira kudambo kumene limaswana. Limadzuka dzuwa likatentha, ndipo limatsata mphepo. Onani, mphepo yakhota, nachonso chakhota. Mzinga ungakhote ndi mphepo? Ngati ndanama mundimange.”

Thengo anatumiza ndege kukaona, ndipo woyendetsa anabwerera magalasi ali phalaphala ndi dzombe. Thengo anakhala pansi. Atafunsa za kalata ija, a Jekapu anaitulutsa, iye n’kuing’amba yekha.

Koma zinthu zinali zisanathe. A Likonde anali ataona kuti zivundikiro za mizinga ya Dzamba zatsegulidwa, nawonso anatsegula zawo. Thengo anaimbira Chingola foni kasanu, osayankhidwa. Tsiku lomwelo n’kuti Chingola ali kumudzi, pamaliro a mayi ake.

Tsono ku Likonde kunali kazembe wa Dzamba, mayi Nasoko, amene anali atalamulidwa kale kulongedza katundu n’kubwerera kwawo. Iwo anadutsa bwalo la ndege osaima, namanga chitenje ndi duku, n’kulunjika kumaliro. Asilikali a pachipata anawatchingira ndi mfuti.

“Kwanu kuno mumabweza munthu wodzapepesa maliro?” anafunsa mokweza kuti azimayi amve.

Azimayi aja anayamba kung’ung’udza, asilikali n’kupatuka mwamanyazi. Pamwambo wa ku Likonde, wofedwa sakana dzanja la wodzapepesa, ngakhale akhale mdani. Mayi Nasoko anagwada, n’kugwira dzanja la Chingola, n’kumusiyira m’manja foni imene anali ataimbira kale Thengo.

“Mnzanu ali pomwepo, akufuna akupepeseni.”

Thengo ankangoganiza za mizinga. Koma anakumbukira mayi ake omwe anawaika chaka chathacho.

“Achimwene, ndamva zovutazi. Anadwala nthawi yaitali?”

Kenaka Chingola anati, “Miyezi itatu. Ndipo sindinapeze mpata wokawaona chifukwa cha inu.”

“Nanenso sindikugona chifukwa cha inu.”

Anakambirana mpaka nyimbo zonyamulira bokosi zinayamba. Anapangana kuti Likonde ichotse mizinga pachilumba, Dzamba ibweze sitima zake, zonse pa ola limodzi, kuti pasapezeke woti wagonja. M’misewu ya maiko onse awiri anthu anavina, nthungululu zili pwirikiti.

Tsono ku Dzamba kunali mendulo yaulemu waukulu, imene malamulo ankati pulezidenti aipereke kamodzi kokha, kwa munthu mmodzi. Thengo anaitana atatu aja.

“Ndikanapanda kutseka dilowa, Tiyese akanaimbira foni mitembo,” anatero a Jekapu.

“Agogo, mphindi zanu zija zikanatha, mukanaitulutsa kalatayo,” anatero Tiyese. “Ndine ndinaipha.”

“Inu munagwira dzanja la bwana wathu yekha,” anatero mayi Nasoko. “La Chingola analigwira ndani?”

Jenerale Kampango anadzuma pakona. “Onsewa anaphwanya malamulo. Mendulo yawo ndi unyolo.”

Thengo anaitembenuzatembenuza mendulo ija, akuyang’ana nkhope zitatuzo.

Nanga inu, mukanakhala Thengo, mukanaveka ndani: amene anachedwetsa kalata, amene anazindikira dzombe, kapena amene anakagwada pamaliro a mdani?