Samueli Afuna Dzina Latsopano

Samueli, telala wa pa Ntaja, anafika pakhonde pa Shehe Twalibu ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Munthuyu anali atangolowa kumene Chisilamu, ndipo changu chake, abale inu, chinkaposa cha obadwira momwemo.

"Assalamu alaikum, a Shehe! Ndalipeza dzina! Mawa Lachisanu mulengeze mumzikiti kuti ndine Saifullah, lupanga la Mulungu. Za Samueli zatha, n'zakutchalitchi zimenezo."

Shehe, amene ankasoka nsapato yawo yoduka, anayankha malonje namuyalira mkeka.

"Dzina lokoma, bambo. Nanga mayi akuti chiyani?"

Mayi ake a Samueli, a Nangozo, Mkhristu wolimba, anali atavomera zonse, za kofia, za mapemphero a swala, ngakhale zosiya kudya nawo kapado. Koma atamva za dzina analira chokweza, nati akadzangolitaya asadzapondenso pakhomo pawo. Mawu amenewo ankamuwawa koopsa, ngakhale ankadzilimbitsa.

"Akuchita makani, a Shehe. Dzina lokha basi!"

"Kodi analitenga kuti dzinalo?"

"Kaya, m'Baibulo mwawomo. Amati anakhala zaka zambiri opanda mwana, anzawo akuwaseka kuchitsime. Kenako ndinabadwa ine."

Shehe anaika nsapato pansi, nkhope ili ngwee.

"Allahu Akbar! Ndiye simukudziwa chimene mwasenza! M'buku la Ayuda ndi Akhristu muli mayi wina dzina lake Hana, wosabereka, amene mkazi mnzake ankamunyoza. Analira pamaso pa Mulungu mpaka wansembe kumuyesa woledzera. Atabala mwana anamutcha Samueli, nati, ndinachita kumupempha kwa Mulungu. Mwanayo anadzakhala mneneri, ndipo akuluakulu athu ophunzira amamutchula kuti Shamwili."

Koma kunyada kwa Samueli sikunathe msanga.

"Komatu a Shehe, anzanga onse olowa Chisilamu anasintha maina. Ine ndioneka ngati ndalowa ndi phazi limodzi."

Shehe anamugwira dzanja.

"Timasintha dzina lonyoza Mlengi, kapena lotukwana mwini wake. Lanuli ndi pemphero la mayi anu limene Allah anayankha. Nthawi iliyonse akakuitanani, amakhala akuthokoza Iye amene anawapukuta misozi. Mawa ndilengeza kuti m'bale wathu watsopano ndi Samueli. Ine ndani, bambo, kuti nditseke pakamwa mayi amene akuthokoza Mulungu?"