Ntchentche Imene Inakula Nanzikambe Akuona

Sunthirani kuno nonse, ndipo iwe amene ukufuna kugenda nanzikambeyo, taya kaye mwalawo. Mukumuseka kuti diso lina lili kum'mawa lina kumadzulo, koma simukudziwa chimene chinamuonekera.

Kalekale maso a Nanzikambe ankayang'ana kumodzi ngati anuwa. Ankakhala mumtengo wa bwemba ndi ana ake awiri, Ndaziona ndi mlongo wake wamng'ono Dzinkambani. Mayiyu anali wodzitama pa kaphunzitsidwe ka ana, moti akayamba kudzichemerera, Buluzi, mnansi wake wa pamwala, ankangotsinzina.

Phunziro lake linali limodzi basi: "Chaching'ono, idya. Chachikulu, bisala." Kuti ana amvetse, ankathothola katsamba ka bwemba n'kukayandikiza pa chinthu. Ntchentche ikatera panthambi, katsambako kankaiphimba yonse.

"Chachikulu n'chiti?" ankafunsa.

"Tsamba!" ana ankayankha.

"Ndiye titani?"

"Tidye!"

Anayeza nyerere, anayeza njenjete, anayezanso mphuno ya mbuzi imene inabwera kudzadya masamba, ana n'kubisala. Ndaziona ankachedwa kuyankha ndipo ankakalipiridwa. Koma Dzinkambani anali ndi mutu, ankayankha funso lisanathe, ndipo amayi ake ankamukonda kwambiri.

Tsiku lina masana ntchentche zinasowa, ana mimba zili pepuu. Dzinkambani atakweza maso anaona kanthu kakuda kakuzungulira kumwamba.

"Amayi, nanga ako?"

Nanzikambe anayang'ana, koma kanthuko sanakadziwe. Kankaoneka ngati ntchentche ndithu, koma ndi ntchentche yanji yosalira, yosakupiza mapiko? Nthawi yomweyo Buluzi analowa pansi pa mwala.

"Amayi, a Buluzi athawiranji?" anafunsa Ndaziona.

"Asiye, ndi amantha aja."

Akanatha kutsika n'kukafunsa, koma mphunzitsi wotchuka akafunse Buluzi ana akuona? Manyazi anamugwira. Paja safunsa anadya phula. Anathothola katsamba n'kukakweza m'mwamba, ndipo kanthu kaja kanaphimbika konse.

"Chachikulu n'chiti?"

"Tsamba!" anakuwa Dzinkambani.

"Koma amayi, sikanateretu," anatero Ndaziona. "Zina zija timayeza zitatera."

"Iwe ndi makani ako! Tsamba silinama. Dzinkambani mwanangu, pita ukadye."

Dzinkambani anakwera mpaka kunsonga ya nthambi, poyera penipeni, nakonza lilime. Amayi ake anali chigwirire katsamba kaja. Kenaka anaona kanthu kakuda kakutulukira m'mbali mwa katsambako. Anaganiza kuti tsamba lafota, nathothola lina. Nalonso linachepa. Anagwira awiri pamodzi, onse anachepa, ndipo mutu unamuzungulira.

"Amayi, ntchentche ikukula!" anafuula Dzinkambani. "Ndidye kapena ndibisale?"

Nanzikambe anayang'ana mwana, anayang'ana kumwamba, anayang'ana masamba aja. Kunamveka mphepo ya mapiko, phuu! Anali kabawi. Nthambi inatsala ikugwedera yokha.

Mayi uja analira mpaka mawu anasasa. Chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti sankaona pamene analakwa.

"Ndinayezatu ine. Ndaziona, sunaone? Tsamba silinaphimbe?"

"Linaphimba, amayi."

Buluzi anatuluka n'kudzakhala pafupi. "Pepani amake Ndaziona. Kungoti chinthu chikakhala kutali chimaoneka chaching'ono."

"Chimachepa bwanji? Thupi linalo chimalisiya kuti?"

"Sichichepa ayi, chimangooneka."

"Nanga ndikhulupirire chiti, chimene chili kapena chimene ndikuona?"

Buluzi anakanda kumutu, nabwerera kumwala kwake.

Kuyambira tsiku limenelo Nanzikambe anasiya kukhulupirira tsamba, anasiyanso kukhulupirira maso ake akagwirizana. Diso limodzi analipatsa ntchito yolondera Ndaziona ndi zonse zapafupi, linalo analituma kumwamba kuti lizisuzumira tinthu tating'ono takuda. Masiku atapita, masowo anazolowera kuyenda paokhapaokha, ndipo ana onse amene anabadwa pambuyo pake anatengera zomwezo.

Ndi chifukwa chake lero nanzikambe akaona ntchentche saithamangira. Amaima nthawi yaitali, phazi lili m'malere, diso lina pantchentche lina kumwamba, kudikira kuti aone kaye ngati ikula.