Mfuko Afuna Kunenedwa

Mfuko ndi Chiswe anasemphana pa nkhani ya tsamba limodzi, ndipo mpaka lero Mfuko sakumvetsa kuti zinayenda bwanji. Zinayamba chaka chimene mafoni anafika ku dambo la Kamwazi, nyama zitatsegula pa intaneti chinthu chimene zinachitcha Nkhokwe ya Zonse. M'menemo munali masamba ofotokoza mitengo, mitsinje, matenda ndi nyama zodziwika, ndipo aliyense ankaloledwa kulembamo. Woyang'anira anali Mayi Chiswe, ndipo khalidwe la chiswe mukulidziwa kale: chilichonse chosaima bwino amachidya.

Mfuko anali atakalamba, wopanda mkazi, wopanda mwana, maso akenso osaona patali. Moyo wake wonse anathera pansi pa nthaka, akukumba ngalande yochokera kumtsinje kukafika kumadimba, moti ngakhale m'chilimwe mbewu za anzake zinkakhala zobiriwira. Eni madimba ankangoti dothi la kuno n'labwino. Tsiku lina anafufuza dzina lake mu Nkhokwe, foni itachita kugunda mphuno, n'kupeza kuti mulibe. Mtima unamupweteka, chifukwa anaona kuti akadzamwalira, dzina lake lidzakwiririka naye limodzi.

Ndiye anakhala pansi n'kudzilembera tsamba. Analemba za kubadwa kwake, za ngalande, ngakhale za dzino lake limene linathyokera pamwala pansi pa dimba la Mayi Nungu. M'mawa mwake anatsegula kuti aliwerengenso, koma tsamba panalibe. Panangotsala mawu akuti, "Lafufutidwa. Mwini wake wadzilemba yekha."

Mfuko anapita kuchulu kumene Chiswe ankagwirira ntchito. "Mayi, tsamba langa lasowa. Kapena ndi netiweki?"

"Si netiweki, bambo. Ndalifufuta ndine," anayankha Chiswe osatukula n'komwe mutu. "Muno munthu sadzilemba yekha."

"Kodi pali pamene ndanama?"

"Mwina palibe. Koma mwadzilemba nokha."

"Nanga amene akundidziwa bwino kuposa ine ndani?"

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero Chiswe.

Mfuko anatuluka akukanda m'mutu. Anaganiza kuti ngati cholakwika ndi dzanja limene lalemba, angobwereka dzanja lina. Anapita kwa Chule, amene ankakhala pakamwa pa ngalande ija ndipo ankadziwa zonse, n'kumupempha kuti amulembere. Chule analemba bwino kwambiri, mpaka Mfuko anagwetsa misozi powerenga. Dzuwa lisanapendeke, tsambalo linali litafufutidwanso.

"Nanga lero ndalakwanso chiyani, mayi?" anafunsa Mfuko atabwereranso kuchulu.

"Chule ndi mnzanu wa ponda apa nane m'pondepo. Mnzako sangakhale mboni."

"Dikirani kaye, mutu wanga ukuzungulira. Ine ndisalembe chifukwa ndine mwini wake. Chule asalembe chifukwa amandidziwa. Ndiye alembe amene sandidziwa? Alemba chiyani?"

"Alemba zimene ena anena," anayankha Chiswe, akufufuta tsamba la wina. "Funso ndi limodzi, bambo. Akukunenani ndani? Pa wailesi ya Pumbwa anakunenanipo? Nanga pamsonkhano?"

Mfuko anakhumudwa. "Ine, mayi, sindinenedwa. Chibadwire sindinayambanepo ndi munthu."

"Ndiye mudzabwere mukanenedwa."

Apa ndi pamene zinasokonekera. Chiswe ankatanthauza kutchulidwa ndi anthu apadera, amene si abale ako kapena anzako, koma mayi ameneyu mawu ankachita kuwaumira ngati amagula. Mfuko anamva kunenedwa kumene tonse timakudziwa, kuja kwa miseche, kumene anthu amatsitsa mawu ukamadutsa. Akadangofunsanso kamodzi bwenzi zitatha bwino, koma anachita manyazi kuoneka wosamva zinthu.

Atafika kuuna wake anatsegula Nkhokwe kuti aone ngati anamva bwino. Tsamba la Fisi linali lalitali, chala mpaka kutopa, lodzaza ndi mbuzi zimene anaba ndiponso amene anamuona. Tsamba la Nyani nalonso linali chimodzimodzi. "Kani zimatero," anadziyankhula Mfuko. "Kukumba ngalande n'kungotaya nthawi. Kuti ulowe muno uyenera kulakwira anthu." Sizinamukomere, ndipo sanamvetse kuti lamulo lotere analikhazikitsa ndani, koma anaona kuti njira ndi yomweyo.

Anasankha dimba la Mayi Nungu chifukwa njira yake ankaidziwa bwino. Analowa pansi pa mitumbira ya mbatata n'kumaluma imodziimodzi, osadya n'komwe, akuchita manyazi. Kuti asasokonezedwe ndi wina, anasiya milu ya dothi paliponse, ndipo pamapeto anatulutsa mutu n'kudikira mpaka Mayi Nungu atamuona. Ndi wakuba uti amene amadikira mwini munda? Koma Mfuko anadikira, n'kupereka moni.

Pumbwa, mbalame yosasunga kanthu m'kamwa, anaulutsa nkhaniyo pa wailesi tsiku lomwelo. Anaibwereza masana, n'kuibwerezanso madzulo, nthawi iliyonse mbatata zikuchuluka. Kumsika, kuchitsime, pamsonkhano wa eni madimba, dzina linali Mfuko. Ngakhale amene mbewu zawo zinadyedwa ndi mbozi ankati ndi Mfuko yemweyo.

Sipanapite nthawi, tsamba linatuluka, lolembedwa ndi nyama imene Mfuko sanaionepo. Anagunditsa foni pamphuno mwachimwemwe, n'kuwerenga: "Mfuko ndi kanyama kokhala pansi pa nthaka, kodziwika ndi kuba mbatata." Pansi pake panali mboni zambirimbiri. Anafufuza mawu akuti ngalande, koma sanawapeze. Anawonjezera yekha mzere umodzi wonena za madzi, ndipo asanaike foni pansi unali utadyedwa.

"Mayi, ndanenedwa monga munanenera," anatero atafika kuchulu. "Tsopano ikanimo za ngalande."

"Za ngalande wanena ndani?"

"Palibe. Koma ndi zoona."

"Za mbatata n'zabodza?"

Mfuko anapukusa mutu. Kenako anati, "Ndiye lifufuteni lonse. Sindikulifunanso."

"Sizingatheke, bambo. Tsopano ndinu wodziwika, ndipo tsambalo si lanu." Apa Chiswe anatukula mutu koyamba n'kumuyang'ana. "Koma inu, ndani anakuuzani kuti mukabe? Ine ndinati ena akutchuleni."

"Munati andinene."

"Si chimodzimodzi?"

"Kwathu kuno si chimodzimodzi, mayi," anayankha Mfuko.

Pobwerera anadzera pansi pa dimba lija, ndipo anamva kugunda kwa miyala. Anali Mayi Nungu, akutseka dzenje lalikulu limene analipeza m'mphepete mwa mitumbira, poganiza kuti ndi njira ya wakuba. Limenelo linali khomo la ngalande, pamene madzi ankatulukira kupita kumadimba onse. Pumbwa anali pamtengo pafupi, ndipo Mfuko anamva Mayi Nungu akumudandaulira.

"Chaka chino chandiipira, a Pumbwa. Paja ndinakuuzani kuti tikakolola tifufuze amene amatibweretsera madzi m'chilimwe, chifukwa madzi sangabwere okha. Ndinkafuna timuthokoze pa wailesi, dambo lonse limve. Taonani tsopano, ndikamuthokoza ndi chiyani?"

Mfuko anamva ngati nthaka yamugwera. Anatulutsa mutu, dothi lili mbuu kumaso, n'kunena motsitsa, "Mayi, musatseke pamenepo. Madziwo ndimabweretsa ndine."

Mayi Nungu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu? Za inu tawerenga kale." Anatola mwala wina n'kuuponya m'dzenjemo.

Chilimwe chimenecho madimba a ku Kamwazi anauma. Chule anayesa kufotokoza kulikonse kumene anapita, koma ankangomuuza kuti akuikira kumbuyo mnzake. Pumbwa anaulutsa kuti wakuba uja wayambanso kudzitama, ndipo poti tsopano zinanenedwa pa wailesi, Chiswe analola mzere umodzi kulowa. Mfuko amauwerenga kawirikawiri, foni ili pamphuno, ndipo sadziwa ngati aseke kapena alire. Mzerewo umati, "Mfuko amanenanso kuti ndi amene ankabweretsa madzi, koma palibe mboni."

Phunziro: Mbiri yako amalemba ndi ena, ndipo amalemba zimene wawaonetsa. Ukaifulumizitsa ndi zoipa, zoipazo n'zimene zimatsala, ndipo zabwino zako sazikhulupiriranso. Komanso ngati mawu sunawamvetse, funsa usanachite kanthu.