Wodwala wa Kuseri kwa Mpanda

Ku Bangwe kunali mayi wina amene sankasowa pa chilichonse cha mpingo. Bambo ake atakalamba n'kuchita khungu, iye anakawatenga kumudzi, ndipo anthu anamuyamikira kwambiri. Anawapatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba, bedi, bulangeti ndi wailesi.

Koma madzulo onse a mayiyu anali ogulitsidwa kale. Lolemba akangoweruka kuntchito, liwiro kukasiya mwana wake Tawina ku kwaya. Lachiwiri mwana wake wina Limbani ku maphunziro a patitaimu, poti mayeso a sitandade eyiti ayandikira, iye n'kupitirira ku komiti yomanga tchalitchi. Lachitatu ana ku kalasi ya kutchalitchi, mwamuna wake ku msonkhano wa akulu a mpingo. Lachinayi linali lake: yunifolomu yoyera, duku loyera, kukazonda odwala ndi amayi anzake a mpingo. Lachisanu mpira wa ana ndi mapemphero a m'dera, ndipo kukagwa maliro, zonsezo pamwamba pa zinzake. Banja lonse linkakumana pa geti, wina akulowa, wina akutuluka. Agogo ankangowasiyira chakudya chovundikira, geti n'kukhoma kuopa akuba.

Lachinayi lina mayiyu akusita yunifolomu, bambo ake anamuitana.

"Mwanawe, takhala pansi pang'ono. M'chifuwa muno simuli bwino."

Mayi anayang'ana nthawi pa foni. "Ababa, anzanga akundidikira. Tikambirana ndikabwera."

Kutchalitchi, amayi akusankha koti apite, mayi wina amene anali atangosamukira kumene m'deralo anakweza dzanja.

"Amayi apampando, kuseri kwa kumene ndikuchita lendi kuli agogo ena. Amakhala okha tsiku lonse. Amatsokomola, amaitana, woyankha palibe. Madzi ndimawapatsira pa chiboo cha mpanda."

Amayi onse anapukusa mitu, koma amene anapukusa kwambiri ndi mayi wathu uja.

"Ana a masiku ano! Munthu ameneyo sanabereke? Tiyeni komweko."

Shuga ndi sopo anasenza ndi iyeyo.

Ananyamuka akuimba, mlendo uja patsogolo, nadzera kanjira ka pakati pa nyumba. Mayi sanazindikire msanga, chifukwa nyumba yake ankaidziwa cha kumaso kokha, kumene kuli geti. Anadzidzimuka ataona zovala za ana ake pachingwe. Anzake anali atazindikira kalekale, koma anangokweza mawu. Nkhani yokoma chotere munthu saidula pakati.

Analowera pa chiboo chija, pamene mpanda unagumuka. Anapeza agogo atakhala pansi pakhomo la kachipinda kawo, mbale ili chivundikirire.

"Lowani, lowani," anatero agogo. "Alendo pano ndi osowa."

Amayi apampando, nkhope ili gwa, anatembenukira kwa mwini nyumba. "Inu mwasenza katundu, mutitsogolerenso m'pemphero."

Anagwada. Pemphero la mayiyo linali lozolowera njira, linayenda lokha. Atati ameni, nkhalamba ija inapendeketsa mutu.

"Apempherawa ndani? Mawu awo ngati a mwana wanga." Kenako inadziyankha yokha. "Ayi, sangakhale iye. Uja alibe nthawi, amatumikira Mulungu."

Agogo anafufuza dzanja la mayiyo mpaka analigwira.

"Zikomo amayi. Lachinayi likubwerali mudzabwerenso?"

Abale ndi alongo, kwaya si yoipa. Patitaimu si yoipa, ngakhale komiti, ngakhale mpira. Koma mukudziwa mmene ena amaunjikira tomato pamsika: wofiira bwino pamwamba, wophwanyika pansi, kasitomala adzaonera kunyumba. Ambirife chikondi chathu tachiunjika chomwecho. Chokoma tachiika pamene mpingo ukuona, a pakhomo pathu n'kumadya chapansi. Mulungu si kasitomala wapaulendo. Iye akafika pa benchi yanu amayamba ndi kugwetsa mulu, kuti aone zimene zili pansi.

Ndiye sabata ino, musanavale zoyera, tazungulirani kaye kuseri kwa nyumba yanu. Mwina kuli kholo, mwina mwana, mwina mkazi kapena mwamuna wanu, amene akudikira kuti dzina lake lifike pa mndandanda wa odwala ndi pamene akuoneni mutakhala pansi.